Mabotolo Awiri mu Lichero Limodzi

Kodi mungalote kuti munali chiyani m'mabotolo awiri amene Salome NyaKaira anakhuthulira mu lichero masana a Lachinayi lina mu Febuluwale? Ganizirani kaye. Mwiniwakeyo anadikira miyezi iwiri kuti adziwe.

Mwamuna wake, Davison Msukwa, anali kalipentala ku Wenya. Madesiki ambiri a m'sukulu za m'deralo anatuluka m'manja mwake. Chaka chathachi hamala inayamba kumupulumuka. Poyamba ankaseka, n'kumati chigwiriro chaterera. Kenako anayamba kulephera kumanga mabatani a malaya, ndipo mnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi cholozera unaphwa mpaka panatsala dzenje. Kuchipatala chachikulu mumzinda madokotala anati ndi matenda amene amapha pang'onopang'ono mitsempha yotumiza mauthenga ku minofu. Mutu umaganiza bwinobwino, koma manja, miyendo, lilime ndi chifuwa zimasiya kumvera, china lero, china mawa. Mankhwala ochiza, anatero madokotalawo, kulibe.

Mu Sepitembala kunabwera galimoto ya anthu a kafukufuku. Amene anatsika ndi mapepala anali nesi, dzina lake Maureen, wochokera ku Thyolo. Anapereka moni wa Chitumbuka mosamala ngati wanyamula mazira, kenako anabwerera ku Chichewa chake.

"Matendawa amagwira amuna ambiri kuposa akazi," anafotokoza atakhala pakhonde. "Ndiye akatswiri ena akuganiza kuti mwina mahomoni a m'thupi la mkazi amateteza mitsempha. Sitikudziwa ngati ndi zoona. Tikufuna kuyesa mapiritsi amene amagwira ntchito ngati mahomoniwo."

"Ndiye ndimera mabere, anesi?" anafunsa Davison.

"Mukamera, adada, kamisolo ndikugulirani ndine."

Davison anaseka mpaka kutsokomola. Salome sanaseke, chifukwa Maureen anapitiriza kunena kuti theka la odwala lidzalandira mankhwala enieni, theka linalo lidzalandira mapiritsi ofanana nawo maonekedwe koma opanda mankhwala. Palibe wodziwa kuti botolo ili ndi liti, ngakhale iyeyo. Zinalembedwa m'maenvulopu omata amene akusungidwa mumzinda. Koma aliyense womaliza miyezi isanu ndi inayi osaphwanya malamulo adzapatsidwa mankhwala enieniwo pambuyo pake.

"Mukuti ena azimeza zopanda kanthu?" anatero Salome. "Mwadala? Inu mukuona, manja akuuma?"

"Popanda kutero sitingadziwe ngati akuthandiza, amama."

Davison anasaina. Cholembera anachigwira ndi manja awiri.

M'boma lonse la Chitipa odwala olembedwa anali awiri okha. Winayo anali Esau Kawonga, mlimi wa ku Nthalire, amene matenda ake anayambira m'miyendo. Tsiku lolandira mapiritsi mwezi uliwonse ankabwera panjinga yamoto, mkazi wake Anastasia atamumangirira ndi chitenje kumsana wa woyendetsa kuti asagwe m'mabampu. Ankakumana onse pa kachipatala kena kamene galimoto ya kafukufuku inkatha kufikapo. Amuna ankayezedwa mphamvu ya manja, mpweya ndi kulemera. Akazi ankadikira panja pabenchi, aliyense akuyang'ana mwamuna wa mnzake mobisa.

Mu Febuluwale mvula inadula msewu wa ku Nthalire. Esau ndi Anastasia atalandira botolo lawo sanathe kubwerera, ndipo Salome anawatengera kwake. Masana anawapangira tiyi. Esau ananyamula kapu ndi dzanja limodzi, n'kumwa osataya dontho. Davison anadikira kuti Salome amugwirire, ndipo atameza anatsamwa mpaka misozi. Salome anaika kapu pansi mwamphamvu n'kutuluka.

Anastasia anamupeza kuseri kwa khitchini akusankha mbewu ya nyemba.

"Mwakwiya, anyina Faith," anatero, pomuitana ndi dzina la mwana wake monga amachitira kumeneko.

"Ndakwiya, inde. Miyezi isanu ndikuphika phala lamadzimadzi, ndikuwerenga mapiritsi ngati mwana wa sitandade wani. Mwawaona a Kawonga akunyamula kapu? Enieniwo ali kwanu."

"Kwathu?" Anastasia anaseka mowawa. "A Msukwa akuyenda okha kupita kuchimbudzi. Anga ndimawabereka ngati khanda. Ine ndimati ali kwanu."

Nyemba zinkalira mu lichero. Kenako Salome anaimitsa dzanja.

"Tamverani, mnzanga. Anesi anati theka. Tilipo awiri. Ndiye kuti botolo limodzi ndi lenileni, linalo ndi labodza. Nanga si choncho?"

"Ndi choncho kumene."

"Nyemba izi zina ndi za amayi anga, zina ndi za alamu anga a ku Chisenga. Zanga zinafumbwa, ndipo sindinadziwe kuti zimere ndi ziti. Ndinasakaniza. Kwanu simutero? Phando lililonse limapeza mbewu yamoyo, munda sukhala mbee."

Anastasia anayang'ana kukhonde kumene amuna awo anali kukambirana za mpira, mawu a Davison akukokeka ngati wailesi yotha mabatire.

"Anesi akadziwa?"

"Adziwa bwanji? Mapiritsi ake ndi ofanana. Anawapanga dala kuti afanane, ndiye awazindikire okha."

Salome anathira nyemba m'thumba, napukuta lichero ndi nsonga ya chitenje. Anakhuthuliramo mabotolo onse awiri. Timapiritsi toyera tinagubuduka n'kusakanikirana. Anatipeta kawiri monga mmene amachitira ndi mbewu, kenako anagawana: ili lanu, ili langa, ili lanu, ili langa. Mwezi wotsatira anachitanso chimodzimodzi kuseri kwa kachipatala kaja, pa chitenje. Amuna awo sanauzidwe.

Mu Epulo mwendo wakumanzere wa Davison unatupa. Unali wotentha, wonyezimira, ndipo akaugwira ankabuula. Salome anaimbira Maureen, ndipo galimoto inafika tsiku lotsatira cha m'ma teni koloko, itapakidwa matope mpaka m'magalasi.

Maureen anapinda buluku la wodwalayo, nayeza miyendo yonse iwiri ndi tepi. Nkhope yake inasintha.

"Mwina magazi aundana mumtsempha. Zimachitika munthu akamangokhala osayenda, koma mahomoni nawonso amachititsa. Adokotala ayenera kudziwa chimene akumwa asanayambe kuwathandiza. Ndiimba foni atsegule envulopu ya a Msukwa."

Salome anaima pakhomo, manja atawapinda pachifuwa.

"Atsegule awiri."

"Awiri?"

"Ya a Kawonga nayonso. Tinasakaniza."

Maureen anaimirira pang'onopang'ono, tepi ikulendewera m'dzanja.

"Munasakaniza chiyani, amama?"

"Mapiritsi. Mu lichero. Mu Febuluwale ndi mu Malichi."

Davison anatembenuza mutu pampando. "Anyina Faith?" Mawuwo anatuluka movutikira.

"Khalani chete, a Msukwa, si inu munachita."

"Amama, mukudziwa chimene mwachita?" anatero Maureen. "Ndakhala ndikubwera kuno miyezi isanu ndi iwiri. Tagonapo m'galimoto pamtsinje kudikira madzi aphwe. Ndinalimbana ndi akuluakulu anga kuti anthu a ku Chitipa asasiyidwe chifukwa cha misewu. Anati kumeneko n'kutali, anthu sangatsate malamulo. Ine ndinati atsata. Lero ndikawauze chiyani? Kuti munapeta mankhwala ngati mapira?"

"Mukawauze kuti ndinatsata malamulo miyezi isanu, mwamuna wanga n'kusiya kugwira supuni." Salome analowa m'nyumba sitepe imodzi. "Inu mumabwera ndi tepi, mumalemba, mumapita. Amene amapukuta dovu ndine. Amene amamva akutsamwa madzi ndine. Mumayeza dzanja mwezi uno, mwezi wamawa mumayezanso, manambala akutsika, inu n'kumati yewo, tionana. Munthu wakhala munda woyeserapo feteleza, mzere uwu tithira, mzere uwu tisathire, tione kuti ufota liti?"

"Ndinakufotokozerani tsiku loyamba. Munavomera."

"Anavomera ndi iwo. Munthu akumira mukamuponyera chingwe n'kumuuza kuti mwina n'chowola, akana? Ameneyo mumati wavomera?"

Maureen anapinda tepi yake. Anatenga foni n'kutuluka. Netiweki pamudzipo imagwira pachulu cha kuseri kwa tchalitchi pokha, ndipo anamuona akukwera, nsapato zikuterera.

M'nyumba munatsala awiri. Salome anagwada, naika pilo pansi pa mwendo wotupawo.

"Mukanandiuza," anatero Davison.

"Mukanakana."

"Ndikanakana, inde." Anapuma kaye kuti apeze mpweya. "Desiki ukaikhoma ndi misomali ya mitundu iwiri, ikathyoka sudziwa kuti wolakwa ndi uti."

"Inu si desiki."

Davison anayang'ana manja ake ali pamiyendo, zala zitapindikira m'kati.

Maureen anabwera patapita mphindi makumi awiri. Mkwiyo unali utamuchoka, koma chimene chinalowa m'malo mwake Salome sanachikonde. Nesiyo anakhala pampando wamatabwa umene Davison anakhoma yekha zaka zapitazo.

"Tikutenga a Msukwa kuchipatala lero lomwe chifukwa cha mwendowu. Umenewo uthandizidwa, musade nkhawa. Koma pa kafukufuku achotsedwa. A Kawonga nawonso."

"Ndiye mankhwala a pambuyo aja? Inatsala miyezi iwiri yokha."

"Ndawapempha. Akana. Akuti lamulo limanena omaliza osaphwanya. Ndidzalemba kalata, koma sindikulonjezani."

Salome anawerenga mumtima. Miyezi iwiri. Akanadikira mpaka Juni, botolo lenileni likanalowa m'nyumba muno ndi dzina la mwamuna wake. Anatenga botolo lotsala pawindo n'kuliponya pakhoma. Chivindikiro chinathyoka, timapiritsi tinabalalika pasimenti, tina n'kulowa pansi pa bedi.

"Amene akanawo ali kuti? Ali muofesi, fani ikuzungulira? Abwere adzakanire pano, awayang'ane m'maso a Msukwa. Anthu osadziwa ngakhale kumene kuli Wenya, akuti lamulo. Lamulo lawolo limawamwetsa madzi?"

Panja woyendetsa galimoto analiza injini.

"Chabwino," anatero Salome, mawu atatsika koma akadali olimba. "Atichotsa. Tsono ndiuzeni chimodzi. Lenileni linali la ndani? Ngati linali la a Kawonga, ndiyenda wapansi mpaka ku Nthalire ndikagwade pamaso pa Anastasia, chifukwa ndinamubera mwamuna wake theka la mankhwala. Ngati linali lathu, ndiye kuti ndinawamana a Msukwa ndi manja angawa. Ndiuzeni ndidziwe kolirira."

"Amama, nditati theka, ndinkanena theka la odwala onse. Alipo oposa mazana awiri, m'maiko angapo. Makina ndi amene amasankha, munthu aliyense payekha. Sasankha awiriawiri ayi."

"Sindinafunse za makina. Ndafunsa za mabotolo awiri."

Maureen anayang'ana pakapepala kamene analemba ali pachulu, ngakhale panalibe chofunika kuwerenganso. Anakapinda n'kukaika m'thumba la yunifolomu, kenako anamuuza Salome zimene zinali m'maenvulopu.

M'mabotolo onse awiri munalibe mahomoni. M'botolo la Davison ndi la Esau, kuyambira Sepitembala mpaka Epulo, munali ufa woyera woumbidwa ndi shuga pang'ono.