Kunenetsa kwa Lines

Tsiku lomusudzula Lines, achibale a malemu mwamuna wake anasonkhana pakhonde la nyumba yomwe iye anaumbira njerwa ndi manja ake. Anabwera pachitengwa kuno kufupi ndi Madisi ali mtsikana, ndipo tsopano achibalewo ankafuna kuti abwerere kwawo ku Ntchisi, asiye nyumba ndi munda wa fodya.

Pankhani zotere mkazi salankhula yekha, amanong'oneza nkhoswe yake. Lines anawerama n'kuuza Isake, mlongo wake amene anali nkhoswe: "Auzeni kuti sindichoka."

Isake anakhosomola, n'kuwomba m'manja. "Mlongo wangayu akupempha kuti, ngati n'kotheka, mumuganizireko pang'ono."

"Taganizira kale," anayankha a Elisha, mkulu wake wa malemu. "Fodya akauma m'chigafa, azinyamuka."

Lines anamva mawu ake atasungunulidwa ngati phala la mwana. Anadzuka pamphasa, namangitsa chitenje.

"Achimwene, mwandinamizira. Sindinapemphe ayi. Wopempha amadikira yankho. Ine ndanenetsa, ndipo munthu akanenetsa ndiye kuti zoganiza anamaliza kale."

"Khala pansi iwe, ukutichititsa manyazi!" ananong'ona Isake.

"Alamu," anatero Lines, maso ali pa a Elisha, "michombo ya ana anga inagwera pano, ndipo bambo awo agona kuseri uko. Sindichoka. Wofuna kundichotsa abwere andinyamule."

A Elisha anayang'ana abale awo kuti wina ayankhe, koma onse anali maso pansi. Lines anatenga tsache n'kuyamba kusesa khondelo, ndipo achibalewo mmodzimmodzi anayamba kusuntha mapazi, kumupatsa malo.