Wodwala wa Mudzi wa Alendo

Pakamwa pangapa ndi pamene panapweteketsa achemwali anga a Rhoda. Ndinali tayipisiti ku bungwe lina ku Katoto, lomwe linkasankha midzi yoti azungu azikaonako chikhalidwe. Tsiku lina ndinadzitama kuti kwathu ku Mzimba kuli mkazi wovina vimbuza mpaka fumbi koboo. Basitu, mudzi wathu unalowa m'ndandanda.

Komatu vimbuza si gule wachisangalalo. Munthu amavina chifukwa mizimu yamugwira, ndipo ng'oma ndiye mankhwala ake. A Rhoda anadwala zaka zisanu ndi ziwiri chimwalirire mwana wawo, alendo n'kumangoomba m'manja.

Chaka cha referendamu anachira. Anabwera kudzakhala nane m'tauni ku Chibanja, kutali ndi ng'oma, n'kuyamba kusoka mayunifomu a ana asukulu. Ananenepa, anthuni, mpaka kumaseka ndi aneba pampopi.

Ndiye kunabwera kafukufuku. Opereka thandizo anati zinthu zikusintha m'dziko, iwo safuna kulimbana ndi zakutha mawa. Mudzi wooneka kuti chikhalidwe chake chipitirira ndi wokhawo umene adzaukumbire mjigo. Kwathu amayi ankatunga madzi kudambo, pomwe pankamwera ng'ombe. Abwana anga a Stanford, munthu wa taye ngakhale Loweruka, anati msewu wa kwathu waonongeka ndi mvula, choncho ovinawo abwere ku ofesi.

Amalume athu a Ackim anafika kunyumba kwanga m'mawa ndi oimba ng'oma atatu.

"Rhoda, mwana wa mlongo wanga, kamphindi chabe. Ungoyerekeza," anatero.

"Malume, zimenezi sayerekeza. Mukaziitana zimabwera."

"Nanga madzi? Ana a anthu azingotsegula m'mimba chifukwa iwe wanenepa?"

A Rhoda anatembenukira kwa ine. "Winifred, si paja akuti kuvina mokakamizidwa kunatha ndi chipani chimodzi?"

Ine sindinawaikire kumbuyo. Ndinkaopa kuchotsedwa ntchito, ndinkaopa amalume, ndipo mjigowo ndinkaufunadi. Manyazi ake sanandichoke mpaka lero.

A Rhoda anakavinira ku ofesi poimika magalimoto, dzuwa lili paliwombo. A Stanford anakhala pampando, fomu ili pabondo. Ng'oma zitayamba, a Rhoda anangoima njo, mangenjeza ali m'miyendo, maso ali pansi. Mumtima ndinati, Mulungu wanga, zikanike. Koma oimba aja anali akatswiri, ankadziwa nyimbo imene inkawagwira. Mapewa anayamba kunjenjemera. Kenako anabuula ndi mawu aja osakhala awo, amene ndinali nditasiya kuwamva. Anavina mpaka thovu kukamwa, n'kugwera pafupi ndi tayala la galimoto.

Alonda ndi madalaivala anaomba m'manja. Ine ndinathamangira kukawadzutsa, koma sanandizindikire. Ankaitana mwana wawo womwalira uja, kundifunsa ngati wadya.

"Yewo chomene, a Ackim, izi ndiye zenizeni," anatero a Stanford akulemba. "Funso lotsatira: wovinayu angavine kangati pamwezi?"

"Zikamugwira chonchi, bwana, ngakhale sabata iliyonse."

"Sadzachiranso posachedwa?"

"Tikamamuimbira pafupipafupi, ayi."

A Stanford anachonga. Sanali munthu wankhanza, n'zomwe zimandipweteka kwambiri. Anatumiza mlonda kukatenga madzi akumwa, n'kuvula jekete yawo kuti ndiwafunditse achemwali. Kenako anavundukula tsamba.

"Lomaliza, ndipo azungu amalimbikira pamenepa. Akadzakalamba kapena kutisiya mayiwa, alipo wina woti adzalowe m'malo? Popanda dzina apa, mjigo palibe."

Amalume anakanda m'mutu. Anayang'ana oimba ng'oma, oimba ng'oma anayang'ana pansi.

"Zimayenda m'magazi, bwana," anatero pang'onopang'ono. "Mayi wawo zinawagwira, uyu zamugwira. Wotsala m'mimba imeneyo ndi mmodzi."

Ndinali chigwadire, mutu wa achemwali uli pamiyendo panga. A Stanford anandiyang'ana kanthawi, kenako anafunsa ngati angolemba Winifred kapena awonjezere ndi chiwongo.