Chilumba Chopanda Chule

Pepalalo linabwera kuchokera ku ofesi ya maphunziro pa sitima ya pamadzi ya mu Julaye, pamodzi ndi mpunga ndi palafini. Linali ndi mabokosi asanu: nsomba, mbalame, zokwawa, zoyamwitsa, ndi za m'gulu la achule. Mwana aliyense wa Folomu 3 anayenera kutuluka panja, kupeza chamoyo chimodzi cha gulu lililonse, kuchijambula akuchiona, n'kulemba malo ndi tsiku limene wachionalo. Pansi pake ine mphunzitsi ndisayine kuti mwanayo waonadi ndi maso ake. Malikisi a pepalali ankakaphatikizidwa pa mayeso osankhira opita ku Folomu 4 ku Tarawa, likulu la dziko lathu, komwe malo ndi owerengeka.

Ndisaname, ndinakondwa. Zaka zisanu ndi zinayi ndinali ndikudandaula kuti timaphunzitsa zamoyo ndi choko pamene zamoyozo zikuyenda kuseri kwa zenera. Ndinaiwala kuti walira mvula walira matope.

Mabokosi anayi tinawadzaza sabata imodzi. Nyanja itaphwa tinapita kumiyala kukagwira tinsomba totsalira m'zithaphwi. Nalimata tinamupeza pakhoma la tchalitchi, mbalame m'mitengo ya kokonati. Pa zoyamwitsa ambiri anajambula nkhumba, koma Tioti, kamnyamata kosatha phokoso, anajambula mayi ake akuyamwitsa mwana, ndipo ndinalibe pomutsutsira. Aroita yekha ankatsalira m'mbuyo paliponse, atagwada, akuwerenga minga ya pamsana pa nsomba kachiwiri. Mtsikana ameneyu ndiye anali mutu wa kalasi. Bambo ake, a Bauro, okwera mitengo ya kokonati m'mawa ndi madzulo, sanapondeko pasukulu, ndipo nyumba yonse inkayang'ana kwa iye.

Lachisanu tinakhala pamthunzi kuyang'ana bokosi lachisanu.

"Aphunzitsi, nanga chuleyu timupeza kuti?" anafunsa Aroita.

"Buku likuti amakhala m'madzi ndi pamtunda pomwe," anatero Tioti. "Ndiye nkhanutu imeneyo."

"Nkhanu ili ndi fupa la msana, iwe?" ndinamufunsa.

"Nanga kamba wa m'nyanja?"

"Ameneyo ndi wokwawa, ndinanena kale."

"Basi ine ndijambula amalume. Akakhuta zawo zija amagona miyendo m'madzi mutu pamchenga, kulira kwawonso n'komweko mumanena kuja."

Ana anaseka mpaka kugudubuka. Ine sindinaseke, chifukwa yankho ndinkalidziwa. Chilumba chathu ndi kamzere ka mchenga, kopanda mtsinje, kopanda phiri. Madzi opanda mchere ali m'zitsime ndi m'maenje amene timadzalamo babai, chakudya chathu chonga koko, basi. Khungu la chule siligwirizana ndi mchere, ndiye akanawoloka bwanji nyanja yonseyi? Wolemba pepalalo anangokopera m'buku la kudziko la mitsinje, iye n'kupita kukadya nkhomaliro.

Ndinapita kwa ahedi, a Kabuati. Anandimvetsera akusenda nsomba youma ndi chala.

"Mayi Tabera, mukudzipweteketsa mutu ndi chiyani? M'buku la anawa, patsamba 62 pali chule wonenepa bwino. Ajambule ameneyo, alembe kuti amuona m'dzenje la babai."

"Ndiye ine ndisayine bodza?"

"Ndani akwere sitima masiku atatu kudzasuzumira m'maenje athu? Bokosi limenelo ndi malikisi makumi awiri, mayi. Chilungamo chanucho ana akadya?"

Ndinapsa mtima, n'kupita kukayankhula pa wailesi ya mauthenga ndi a ku ofesi imene inatumiza pepalalo. Ndinadikira mpaka masana. Mawu a munthu wotopa anandiyankha kuti nditsatire zimene zalembedwa, masukulu a zilumba zina sanadandaule. Akanadandaula bwanji, poti nawonso tsamba 62 ali nalo?

Ndinagonja. Lolemba ndinatsegula bukulo patebulo, ine n'kutuluka kukaima panja ngati ndikuyang'ana nyengo. Pobwerera ndinapeza achule makumi awiri ndi awiri, onse atayang'ana kumanzere. Ndinachita manyazi ndi ana anga omwe.

Bokosi la Aroita linali loyera.

"Iwe, usaume mutu. Jambula."

"Ndilembe kuti ndamuona liti, aphunzitsi?"

"Lemba lero."

"Lero ndili nanu muno."

"Lemba Loweruka, kaya Lamulungu, tsiku lililonse!"

"Si inu munang'amba mbalame yanga ija chaka chatha, muli ndaiika zala za m'mutu mwanga?"

"Ndikudziwa zimene ndinachita. Lero ndikunena zina."

Anangoyang'ana pansi, n'kunena motsitsa kuti sitima ikadali ndi masabata atatu, afunafuna kaye. Ndinamufotokozera za khungu ndi mchere. Anavomera zonse ndi mutu, kenako anati, "Koma palibe amene anayang'anapo m'maenje monse."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkawaona madzulo aliwonse, iye ndi bambo ake, akutsika m'maenje a anthu, matope m'maondo, bamboyo atanyamula chitini chokhala ndi chivindikiro chobowola kuti nyamayo isakafe ndi mpweya wochepa. Amayi a m'mudzi ankawafuulira kuti, "A Bauro, mwataya chiyani mmenemo, mano?" Iwo ankangoseka n'kupita padzenje lina. Ine ndinkazemba njira kuti ndisakumane nawo.

Ndinapangana ndi mtima wanga kuti tsiku lomata envulopu ndidzamujambulira ndekha, iye osadziwa. Adzandide akadzakula, bola ali ku Tarawa. Pensulo ndinasongola, dzanja lake ndinaliyeserera papepala lina mpaka kulitha.

Tsiku la sitima anabweretsa pepala lake womalizira. Ndinalitsegula. Bokosi lachisanu analidzaza ndi inki, tizilembo tating'ono tothithikana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Maenje makumi anayi ndi atatu, lililonse ndi dzina la mwini wake, tsiku lake, ndi zimene anapezamo: ana a udzudzu, atombolombo, tinkhanu, khoswe wakufa. Mzere womaliza unali wakuti, "Chule sindinamupeze." Panalibe malo ngakhale ojambulapo phazi.

Inali ntchito yabwino kuposa ina iliyonse imene mwana anandipatsapo, ndipo ndinkadziwa kuti wochonga akafuna chithunzi. Ndinasayina, ndinalemba kalata yofotokoza n'kuiphatika pamwamba. Kaya wina anaiwerenga, kaya inagwera pansi pa tebulo, sindidziwa.

Mayina anawerengedwa pa wailesi mu Disembala, mudzi wonse utasonkhana m'nyumba ya misonkhano. Pasukulu pathu anasankhapo asanu ndi mmodzi. Tioti anali wachinayi, mayi ake n'kululuta mpaka mawu kutha. Dzina la Aroita silinatuluke. Malikisi satumiza, choncho mpaka lero sindingalumbire kuti chinamugwetsa ndi bokosi lija, koma mtima wanga suvomera china.

M'mawa mwake ndikusesa pakhomo ndinaona a Bauro akubwera, mwana wawo ali pambuyo. Anakhala pansi mwaulemu, chipewa m'manja.

"Aphunzitsi, mwanayu akuti inamusowa ndi nyama imodzi yokha ija."

"Inde, bambo."

"Ine bwato ndili nalo. Kutizilumba ta kumpoto kuja sitinafikeko. Ndikakaigwira yamoyo, simungawatumizire akuluakuluwo?"

"Mayeso anatha, bambo. Sabwezanso."

"Olo atatha. Angoona kuti mwanayu sanali waulesi."

"Ngakhale kumeneko kulibe. M'zilumba zathu zino mulibe chule."

Anatembenuza chipewa chija kawiri, akuganiza.

"Nanga inuyo munamuonera kuti?"

"Sindinamuonepo, bambo. Ndimangomudziwira m'buku."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuwerenga zala koma sizikukwana. Sanali kundinyoza, ankafunadi kumvetsa. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti miyezi yonseyi mwana uja sanawauze kanthu za zimene zinachitika m'kalasi Lolemba lija.

"Pepanitu aphunzitsi, ine sukulu sindiidziwa," anatero. "Nanga anzake akupitawa, iwowo anamupeza m'dzenje la ndani?"

Aroita anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, kudikira kuti ndiwayankhe bambo ake. Ine ndinali chiimire, tsache lili m'manja.