Chaka Chimene Bambo Anakagula Nsalu

Kwathu Khirisimasi imayamba tsiku limene nsalu yafika. Banja lililonse limagula mpukutu wake, ndipo aliyense, kuyambira khanda mpaka nkhalamba, amasokeredwa chovala pa nsalu yomweyo. Timati kalavata. Mphatso yathu ndi imeneyo, ndipo wosoka ndine, Losalini, chifukwa makina amayi anasiyira ine.

Chaka chimenecho mchimwene wanga Ilaitia anamira m'nyanja akuwedza. Pofika Disembala mkazi wake, Vasemaca, anali akadali m'zakuda, nthawi yovula isanakwane. Mwana analibe. Kwawo ndi kutsidya, kuchilumba cha Taveuni, ndipo abale ake anali atatumiza kale mawu akuti adzamutenga chaka chatsopano chikangolowa. Ine sindinkafuna kuti apite. Tinkakangana tsiku ndi tsiku, za mchere, za nkhuni, za amene wasiya chidebe padzuwa, koma mlamu wangayo ndinkamukonda kwambiri.

Vuto linali kalavata. Munthu wa zakuda savala maluwa. Tikanalowa m'tchalitchi tonse titawala, iye yekha ali bii pambali, mudzi wonse ukanaona kuti pakhomo pathu wasanduka mlendo. Mwiniwake ankadziwa zimenezi.

"Alamu, ine musandiwerengere pa nsalu," anandiuza tikupala kokonati. "Wapaulendo sasokeredwa."

"Wakufunsani ndani? Palani kokonatiyo."

Ndinamuyankha mwaukali choncho.

Chaka chilichonse wokasankha nsalu kutauni ya Savusavu ndimakhala ine. Ulendo uwu bambo anati apita okha. Bambo athu a Peceli, munthu amene ngakhale malaya awo omwe sadziwa kuti ndi a mtundu wanji! Ndinayesa kukana, koma iwo anangotenga chipewa n'kukakwera basi.

Anabwera madzulo mpukutu uli paphewa. Tinasonkhana pamphasa, ana a pakhomo pathu akudumphadumpha. Bambo anamasula mpukutuwo. Nsaluyo inali yakuda, yakuda yeniyeni, yokhala ndi timasamba totuwa toti uchite kuyandikira kuti utione.

Mlongo wanga wamng'ono Sakiusa ndiye anayamba. "Bambo, m'sitolomo anathimitsa magetsi? Kapena mwatigulira yopangira maambulera?"

"Ndi dzuwa la Disembalali?" ndinawonjezera ine. "Tikafika kutchalitchi titapsa kuposa nkhumba imene Sakiusa adzawotche pa Khirisimasi. Aneba athu a kwa Tomasi agula yachikasu ya maluwa akuluakulu, ife tikhala ngati mileme."

Bambo sanakwiye. Anapinda nsalu ija bwinobwino n'kuiika pamiyendo panga.

"Ndiyo ndaikonda. Soka."

M'mawa mwake ndinayala nsaluyo pansi ndikung'ung'udzabe. Bambo anaima pakhomo, anayang'ana kunja ngati pali wina akumva, kenako anati, "Uyambe ndi ya Vasemaca. Osamuuza."

Ine pakamwa pamathamanga, mutu umabwera pambuyo. Apa m'pamene ndinamvetsa. Ndinachita manyazi, komanso ndinasangalala. Kumuyeza sikukanatheka, choncho ndinaba diresi yake ya Khirisimasi yapita n'kudulira pamenepo. Tsiku limenelo sindinanenenso za mileme.

Tsiku la Khirisimasi amuna analawirira ku lovo, dzenje lowotcheramo chakudya ndi miyala yamoto. Miyala itafiira anaika nkhumba, koko, chinangwa ndi nsomba zokulunga m'masamba, n'kukwirira kuti zizipsa ife tili kutchalitchi. Utsi unali utadzaza mudzi wonse. Titasamba tinakhala pamphasa, ndipo bambo anayamba kuitana mayina monga amachitira chaka chilichonse, aliyense n'kulandira chake ndi manja awiri. Sakiusa anavala malaya ake n'kufunsa ngati akuoneka ngati woweruza milandu.

Vasemaca anakhala kufupi ndi khomo, akuwomba nawo m'manja, maso ali pansi.

"Vasemaca."

Anadzutsa mutu. Bambo anali atanyamula diresi yomaliza.

"Bambo, yakuda ndili nayo kale," anatero chapansipansi, akugwira imene anavalayo.

"Imeneyo ndi ya maliro," anatero bambo. "Iyi ndi ya pakhomo pano."

Vasemaca anayang'ana malaya a bambo, a Sakiusa, diresi yanga, tiana tonse tili m'zakuda ngati iye. Anakwawa ndi mawondo, analandira, n'kulowa kuchipinda. Anakhalitsako. Palibe anamuitana, ngakhale ng'oma ya kutchalitchi inali italira kale koyamba.

Atatuluka, mtima wanga unapweteka. Diresiyo inkangolendewera. Sindinkadziwa kuti chisoni chamudya chonchi, poti tsiku lililonse ndinali naye. Ndinathamangira singano ndi mapini, ena ndikuwaluma pakamwa.

"Imani bwino ndichepetse m'mbalimu, sizitenga nthawi."

Anandigwira dzanja. Maso anali ofiira, koma mawu anali a Vasemaca wakale uja.

"Isiyeni choncho, alamu. Ndi madyedwe a pakhomo panowa, pofika Pasaka idzakhala ikundithina."

Ndinachotsa mapini pakamwa. "Pasaka? Nanga a ku Taveuni aja?"

"Ndiwauza adikire kaye. Mukuganiza kuti ndingawasiye bambo azidya mchere wanu uja?"

Ndinabweza singano ndi mapini pamalo pake. Bambo anadzuka pang'onopang'ono, anakonza kolala ya malaya awo, n'kutulukira panja.

"Tiyeni, tachedwa," anatero. "Vasemaca, tsogola ndi ana."