Tsiku Limene Mailesi Anaona Nyimbo

Kumudzi kwa Mailesi, kumtunda kwa Lisungwi, munthu akakuyimba ndiye kuti wakuvula pagulu. Mkazi waulesi ankamuyimba pamtondo, wakuba nkhuku ankamuyimba pamowa, ndipo nyimbo zotere sizinkafa msanga. N'chifukwa chake mtima wa Mailesi unawawa atazindikira kuti mwamuna wake yemwe, Laimoni, wamupekera nyimbo, ndipo dera lonse likuidziwa kupatula mwini wake.

Mailesi sanabadwe wosamva. Chaka china cha mvula yambiri Laimoni anadwala mwakayakaya, mtsinje wa kumunsi kwa mudzi utadzaza. Amuna a m'mudzimo anati tidikire madzi aphwe. Mailesi sanadikire. Anam'bereka kumbuyo ndi chitenje, munthu wandevu zake, n'kuwoloka naye madzi akulekeza m'chiuno, mvula ikuwakwapula mpaka kuchipatala. Laimoni anachira. Koma Mailesi anagwidwa ndi malungo aakulu, ndipo atatsitsimuka anapeza dziko lonse lili zii, anthu akungotsegula ndi kutseka pakamwa ngati nsomba. Pang'onopang'ono anaphunzira kutola mawu pamilomo, bola munthu amuyang'ane kumaso n'kulankhula modekha.

Laimoni anali katswiri wa banjo, yokhoma yekha ndi chigubu cha mafuta. Kale Mailesi ankanyadira luso limeneli. Koma tsopano panali nyimbo imodzi imene inkamudyetsa mutu. Ikafika pakati, Laimoni ankawerama ngati wasenza katundu kumsana, kenako n'kudzigwira khutu. Pomwepo anthu ankatembenuka n'kumuyang'ana Mailesi, koma akati awayang'ane iye, ankathawitsa maso. Amayi ena ankadziphimba kumaso ndi nsonga ya chitenje. Milomo ya woyimba imathamanga, mutu nawo sukhazikika, ndiye Mailesi sankatolapo kanthu. Chimene ankaona ndi chala pakhutu ndi anthu obisa nkhope. Kodi munthu angaganize chiyani?

Tsiku lina anamufunsa. "Bambo a Jessie, nyimbo ija mumawerama nayo ija imati chiyani?"

"Ndi nyimbo chabe, amake Jessie," anatero Laimoni, kenako anaweramitsa mutu n'kumang'ung'udza zina zimene Mailesi sanazione.

Apa ndiye panali vuto la Laimoni. Pagulu anali mkango, woyimba mpaka mitsempha ya pakhosi kutupa, koma pakhomo, maso ndi maso ndi mkazi wake, anali wamanyazi ngati mkamwini wofika dzulo. Amuna otere alipo ambiri, ndipo amavutitsa.

Mkulu wake wa Mailesi, Edina, anayesa kumukhazika mtima pansi. "Iwe, nyimbo ija ndi yabwino. Imati..."

"Ikanakhala yabwino mwini wake akanandiuza," anadula Mailesi. "Mukufuna mundinyengerere ngati mwana eti?" Atatero anatsinzina. Munthu wosamva akatsinzina ndiye kuti watseka chitseko, ngakhale ufuule chotani.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mailesi anapita kwa amalume ake, a Ezekiele, omwe anali ankhoswe a banjalo, n'kunena poyera kuti Laimoni atenge banjo yake abwerere kwawo ku Matope. Anamukondadi mwamunayo, ndipo ananena mawuwa misozi ikutsika, koma kukhala choseketsa cha anthu pamowa sakanatha. A Ezekiele anakanda m'mutu n'kunena kuti mlandu wotere sauzenga chimanga chili m'munda. Adikire akolole.

Chimanga chikadali m'munda, kunabwera galimoto ya boma. M'zaka zimenezo, othawa nkhondo a ku Mozambique atayamba kudzaza ku Luwani, magalimoto a boma sanali achilendo. Koma iyi inali ndi munthu wa ku ofesi ya kanema ku Blantyre, dzina lake Patrick, amene ankazungulira m'maboma kujambula nyimbo ndi magule. Mbiri ya banjo ya Laimoni anaimva pamsika wa Lisungwi. A tcheyamani a chipani analengeza kuti mudzi wonse ukhale pabwalo la sukulu, ndipo masiku amenewo a tcheyamani akaitana, ngakhale wodwala mutu ankadzuka. Mailesi anapita, n'kukhala kumapeto kwa mzere wa amayi.

Patrick anali munthu wokonda kufotokoza. Anaimika kamera yake pamiyendo itatu n'kunena kuti kamerayi ili ndi liwiro lapadera. Akaitsegula kwambiri imameza filimu mothamanga, zithunzi zambirimbiri m'kuphethira kwa diso, kotero kuti poonetsa, zonse zimayenda pang'onopang'ono.

"Mudzadziona nokha mukuyenda mwachifatse ngati muli m'madzi," anatero.

Anthu anamva zakuti boma likufuna zachifatse. Nyimbo yoyamba, yotamanda chipani monga mwa lamulo, itayamba, amayi anayamba kunyamula miyendo ngati abilimankhwe, woomba ng'oma akuchita kudikira asanaombenso. A tcheyamani nawo ankaomba m'manja mwaulemu ngati ali pamaliro. Patrick anagwira m'mutu.

"Ayi, ayi, makolo anga! Inu vinani mmene mumavinira masiku onse. Kuchedwetsako ndi ntchito ya makinawa. Mukachedwanso inu, ndiye pa kanema mudzaoneka ngati mwauma!"

Anthu anaseka mpaka kugwirana, ndipo manyazi a kamera anathera pomwepo. Fumbi linayamba kukwera. Kenako Laimoni anayamba nyimbo ija. Patrick anasendeza kamera pafupi kwenikweni ndi nkhope yake, anaitsitsira pazala, anaitembenuzira kwa anthu, n'kubwereranso. Mailesi anaona mwamuna wake akuwerama, anaona chala chikupita pakhutu, anaona anthu akumucheukira n'kuthawitsa maso. Kale ankamuseka a m'deralo okha. Tsopano galimoto ya kanema idzazungulira naye Malawi yense. Anadzuka n'kupita kwawo, ndipo kuyambira tsikulo sanalankhulenso ndi Laimoni koposa kumuuza kuti madzi osamba ali kubafa.

Anthu anakolola, nkhokwe zinadzaza, a Ezekiele anasowa chozembera ndipo anatumiza uthenga kwa ankhoswe a ku Matope. Mlandu usanakhale, galimoto ija inatulukiranso. Patrick anatsika ali ndi nkhope ya munthu wogwa m'mavuto. Filimu inatsukidwa bwinobwino, koma tepi imene anajambulira mawu inawonongeka ndi kutentha m'galimoto. Anabwera kudzajambulanso nyimbo, ndipo anatenga zithunzi zija kuti oyimba aone mmene anachitira.

Anasankha kalasi imodzi ya pasukulu. Dzuwa lili paliwombo, anyamata anatseka mawindo ndi masaka ndi mabulangete, jenereta inaikidwa panja, chinsalu choyera chinapachikidwa pabolodi. Mailesi sanafune kupita. Edina ndiye anachita kumukoka padzanja.

"Ngati akukuseka, ukadzionere wekha, ukapeze ponenera pamlandu," anatero Edina, ndipo mawu amenewo ndiwo anamudzutsa.

M'kalasimo munali mothina ndi motentha. Kuwala kutagwa pachinsalu, Mailesi anaona anthu akutchera makutu, ena akufunsana, a tcheyamani akutembenukira kwa Patrick ndi manja ofunsa. Edina anamukodola n'kumulozera pakamwa pake mu kuwala kochepako: "Mulibe mawu. Tonse sitikumva." Mailesi anangoti mumtima, lero mulaweko.

Kenako chinsalu chinadekha. Fumbi limene tsiku lija linkangoti kobo tsopano linkakwera pang'onopang'ono, kutukuka ngati utsi wa nkhuni zaziwisi. Phazi la wovina linatsika mwaulemu, n'kugunda pansi, timiyala n'kudumpha. Chala cha Laimoni chinakoka waya wa banjo, ndipo wayayo ananjenjemera moonekeratu, kupita uku ndi uku. Mailesi anatsamira kutsogolo. Zaka zonsezi ankadziwa kuti banjo ikulira chifukwa choona mapewa a anthu. Lero anaona kulirako ndi maso ake.

Nkhope ya Laimoni inadzaza chinsalu chonse. Apa sakanawerama, sakanathawitsa milomo. Pakamwa panatseguka mwachifatse, lilime linakwera, milomo inakumana n'kusiyana, liwu lililonse likubwera palokha. Mailesi anayamba kutola, ndipo osadziwa, anayamba kutchula mokweza ndi mawu a munthu wosamva, osayeza kukula kwake.

"Ana... ndi... bereka... ngati khanda... mtsinje utadzaza."

Pachinsalu Laimoni anali akuwerama, msana ukutsika pang'onopang'ono, ndipo nkhope yake sinali ya munthu wochita nthabwala. Chala chinakwera kupita pakhutu.

"Makutu ake... anatsala m'madzi... ine ndinawoloka ndi moyo."

Kamera inatembenukira kwa anthu. Uku ndiye kunali kucheuka kuja kumene kunamuzunza kwa miyezi yambiri, kumene tsiku lililonse kunkatha asanakuwerenge. Tsopano kunatalika. Anaona mayi wina wa kutsidya akutembenuza khosi, maso akufika pa iye, ndipo m'masomo munalibe chiseko. Munali ulemu wa munthu amene wakumana ndi womuposa. Anaona Edina yemweyo, msozi ukudzaza m'diso, n'kugwa, nsonga ya chitenje n'kukwera mochedwa kukaupukuta. Anaona amuna aja amene anati tidikire madzi aphwe akuyang'ana pansi, manyazi ali awo osati ake. Kumapeto kwa mzere anadziona yekha, nkhope ili gwa, wokwiya pakati pa anthu omulemekeza. Akuluakulu ananena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma Mailesi analibe kodekhera mpaka makina a mlendo atam'dekhetsera dziko.

Nkhope ya Laimoni inabwereranso. Maso ake sanali pa kamera, anali kufunafuna kumapeto kwa mzere wa amayi. Milomo inayendanso, ndipo Mailesi anawerenga mzere wotsiriza monong'ona.

"Zikomo wanga ndikamutula kuti... mwini wake sakumva."

Filimu inatha, chinsalu chinangotsala choyera. Wina anachotsa saka pawindo, kuwala kwa masana kunalowa. Mailesi anali akulira, osabisa, kulira kwa munthu amene wamasulidwa chingwe pachifuwa. Anali ndi chimwemwe, analinso ndi chisoni poganiza kuti anangotsala pang'ono kuthamangitsa munthu chifukwa cha nyimbo yomuthokoza.

Anadzuka, anapita pamene panaima Patrick, n'kugwada. Patrick anadzidzimuka, waya ali m'manja.

"Achimwene, Mulungu akudalitseni inu ndi makina anuwa," anatero Mailesi. "Simukudziwa chimene mwandichitira."

Patrick sankadziwadi. Iye anabwera ndi nkhawa ya tepi yowonongeka ndi mabwana okwiya ku Blantyre. Anangovula chipewa n'kunena kuti, "Zikomo, mayi," akuyang'ana uku ndi uku kuti wina amufotokozere. A Ezekiele anamugwira paphewa n'kumuuza kuti adzamva bwino panja, ndipo anayamba kutulutsa anthu m'kalasimo ngati woweta mbuzi, ndi a tcheyamani omwe.

Laimoni anali atakhala pakona, pa desiki la ana, mawondo ali m'mwamba, banjo ili pamiyendo. Mailesi anaima patsogolo pake. Monga mwa chizolowezi chake, mutu wa Laimoni unayamba kutsika.

"Ayi, bambo a Jessie," anatero Mailesi. "Pachinsalu paja munandiyang'ana. Ndiyang'aneninso."

Laimoni anadzutsa mutu. Thukuta linali kutsika m'ndevu. Munthu woyimba pamaso pa mazana a anthu anavutika kutulutsa liwu limodzi pamaso pa mkazi mmodzi. Anatsegula pakamwa, n'kulitchula pang'onopang'ono mmene makina aja anachitira.

"Zikomo, amake Jessie."

Mailesi anapukuta m'maso kuti aone bwino milomoyo mpaka itatseka.

"Ndamva," anatero.