Wiebe ndi Timakabati Tokana Kutseguka

Wiebe Talsma anali munthu wosamala kwambiri. Kukhonsolo ya tauni yawo, kumene ankayang'anira makompyuta onse, anzake ankamunena kuti ngakhale pofuna kuyetsemula amayamba wasunga kaye mafayilo. Tsono uthenga utafika wakuti mbava za pa intaneti zapeza mpata wolowera m'maseva, makompyuta akuluakulu osunga zonse za khonsolo, iye sanazengereze. Lachisanu m'mamawa, ali kunyumba, anaika chigamba chachitetezo m'maseva onse a khonsolo, nayang'ana ngati onse adzuka bwino. Onse anaonetsa nyali zobiriwira. Mtima uli m'malo, anakwera njinga yake kupita kudziwe losambiramo la tauniyo, monga ankachitira Lachisanu lililonse asanalowe mu ofesi.

Atafika anavula, naponya zonse m'kakabati kachitsulo: zovala, foni, laputopu, makiyi, ndi magalasi ake, amene popanda iwo sankasiyanitsa munthu ndi mzati. Anakankha chitseko, chinadzikhoma chokha, iye n'kuvala kachibangili kapulasitiki kotsegulira, ulendo wa m'madzi.

Anasambira mpaka mapewa anamuuza kuti basi. Potuluka anamva phokoso kuchipinda cha timakabati, phokoso longa la pamsika wa nsomba. Anali amayi achikulire a gulu lochita masewera olimbitsa thupi m'madzi, onse ali m'zovala zosambira, madzi ali chuchuchu, aliyense akugunditsa kachibangili kake pachitseko. Zitseko zinali gwa.

Wiebe anagunditsa kake. Kanyali kanaphethira kofiira. Anagunditsanso. Kanaphethiranso kofiira.

"Uyo! Mwiniwake wa mabatani ndi uyo!"

Nkhope sanaione, koma mawuwo akanawazindikira ngakhale ali pansi pa dziwe. Anali apongozi ake, mayi Aukje, mphunzitsi wopuma pantchito, amene chikwatire mwana wawo sanakhulupirirepo kuti kukhala pampando n'kumasisita mabatani ndi ntchito yoti munthu wamkulu azidyera.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" anatero Wiebe, akudzikulunga kathawulo kamene kanakana kukumana kumbuyo.

"Tadzuka bwino, koma tikufa ndi kuzizira. Wachita chiyani?"

"Ine? Mukudziwa bwanji kuti ndine?"

"Nkhope yakoyo. Ana onse oswa mawindo ankabwera nayo yomweyo."

Apo n'kuti Sjoerd, mkulu woyang'anira dziwelo, atafika akupukuta thukuta ngakhale kuti iye yekha ndiye anali wovala.

"Sjoerd, kiyi wamkulu wotsegula timakabati tonse ali kuti?" anafunsa Wiebe.

"M'kabati ya makiyi."

"Ndiye katenge, mnzanga."

"Kabatiyo imatsegukanso ndi chibangili. Si iwe unabwera kuno chaka chatha, n'kutiuza kuti kupachika makiyi pamsomali ndi zachikale?"

Amayi aja anati "Hoo!" onse pamodzi. Mkulu wina wadazi, amene anangodziunjika pakati pawo, anayankhula zambiri ndi ukali, koma palibe anamvapo kanthu chifukwa mano ake ochita kuika anali m'kakabati.

Seva ya padziwepo inkakhala m'kachipinda kuseri kwa malo olandirira alendo. Wiebe anali atalankhula mpaka kutopa kuti chitseko chake chizikhala chokhoma, koma Sjoerd ankachiphinjiriza ndi ndowa kuti azisungamo mabotolo a zakumwa, poti munali mozizira. Tsiku limenelo Wiebe anaiyang'ana ndowayo ngati m'bale wake.

Mkatimo mphepo ya makina oziziritsa inamulandira ngati mbama. Anayamba kunjenjemera, mano ali gwegwegwe.

"Udwala chibayo, kenako mwana wanga azivutika nawe," anatero mayi Aukje, amene anamutsatira popanda wowaitana. Anavula mkanjo wawo wa thawulo wamaluwa ofiira, namuveka. Unamulekeza m'ntchafu. "Ndipo pukuta mapaziwo, ukudontheza madzi pafupi ndi mawaya."

Wiebe analemba mawu ake achinsinsi mwapamtima. Seva inavomera, kenako n'kufunsa manambala otsimikizira amene amabwera pafoni. Foni inali m'kakabati. Lamulo la manambalalo analikakamiza ndi iye yemwe, pamsonkhano umene anthu ambiri anatsutsa.

Panalibe kuchitira mwina koma kuimbira Femke, mnzake wa mu ofesi. Nambala yake sankaidziwa pamtima, choncho anakoka foni ya polandirira alendo mpaka chingwe chinati nga, naimbira nambala ya khonsolo. Mawu ojambulidwa anamuuza kuti iye ndi wofunika kwambiri, n'kumuikira nyimbo. Anaima pamenepo, mkanjo wamaluwa uli pathupi, akumvera nyimbo imene anaisankha yekha kalekale.

"Femke, ndine Wiebe. Usaseke."

"Sindinayambe. Uli kuti? Takufunafuna."

Anamufotokozera zonse. Kumbali inayo kunamveka kamawu ngati ka ketulo yoyamba kuwira.

"Ndati usaseke."

"Sindikuseka, ndatsamwa. Wati wavala chiyani?"

"Sindinanene. Ingonditsegulira njira ndilowe."

"Wavala mkanjo wanga!" anafuula mayi Aukje chapafupi ndi foniyo. "Ukumukhala bwino kuposa ine!"

Femke atatha kutsamwa kwakeko anamutsegulira. Zilembo zinadzaza pasikirini, zoyera pamdima, koma kwa Wiebe zinali ngati nyerere zothawa madzi. Anayandikitsa nkhope mpaka mphuno inasiya chidindo pagalasi. Mayi Aukje, amene ankasambira mutu uli pamwamba ngati tsekwe, anali ndi magalasi awo pakhosi, omangidwa ndi kachingwe. Anamubwereka. Atavala, nyerere zija zinasanduka phala.

"Bweretsa kuno," anatero iwo. "Ine ndiziwerenga, iwe uzidina. Sunthira uko."

Pakhomo panali patadzaza mitu yovala zipewa zamphira. Malangizo anayamba kugwa ngati matalala.

"Izimitseni n'kuiyatsanso. Mdzukulu wanga amatero."

"Imenyeni khofi kumbaliko, yanga ya kunyumba imamva zomwezo."

"Ine ndili ndi ulendo wa kwa dokotala wa mano. Ndipite chonchi?"

Zoti azimitse n'kuyatsanso, Wiebe anali ataganiza kale, koma tsopano zinamuwawa kuchita chifukwa zikanaoneka ngati wamvera mdzukulu wa munthu. Anachitabe, mwakachetechete. Pulogalamu ya timakabati inagona, n'kudzukanso.

"Apa alemba kuti ikuyenda," anawerenga mayi Aukje.

Sjoerd anathamanga kukayesa. Anabwerako akupukusa mutu.

Wiebe anayamba kufufuza chimodzichimodzi. Kodi waya wopita ku kabokosi kolamulira timakabati ndi wolowa bwino? Anapapasa kuseri, anapeza uli bwino, napezanso botolo la Sjoerd. Kodi kabokosiko kakumveka pa netiweki? Anakatumizira kauthenga, kanayankha msangamsanga. Kodi chigamba chija chatseka khomo limene ziwirizi zimayankhulirana? Ayi, khomo linali lotsegula. Zonse zinali zamoyo, zonse zinkamvana, koma ntchito osagwirika. Anatsegula malipoti amene seva imalemba yokha pa chilichonse chochitika.

"Amayi, werengani mizere yakumunsi."

Mayi Aukje anakonza kukhosi ngati ayamba kuitana mayina m'kalasi. Anawerenga tsiku, nthawi, manambala onse, ndi timadontho tomwe, osadumpha ngakhale kamodzi.

"Dumphani zimenezo, pitani pa mawu."

"Ine sindiwerenga modumpha. Chabwino. Akuti kugwirana chanza kwakanika. Mzere wotsatira, kugwirana chanza kwakanika. Winawo chimodzimodzi. Kodi akukanizana chanza ndani? Ayambana?"

Wiebe anamenya pachipumi ndi chikhatho. "Ndi zimenezo! Seva ndi kabokosi kaja, zisanauzane kanthu, zimayamba zapatsana moni wachinsinsi, kuti wina asamve zokamba zawo. Kabokosiko n'kakale, kamadziwa moni wachikale wokha. Chigamba ndaika m'mawachi chaletsa moni wachikalewo, poti mbava zinauphunzira. Ndiye kabokosi kakuti moni, seva ikuyang'ana kumbali. Kukhoma timakabati timakhoma tokha, koma kutsegula mpaka seva ivomere."

"Ndiye kuti seva yakoyo yapita kusukulu m'mawa umodzi, yabwerako yosadziwanso akuluakulu?"

"Tingatero."

"Ndawaonapo otero," anatero mayiwo, akumuyang'ana pamwamba pa magalasi.

Femke anali akadali pafoni. Wiebe ananong'ona kuti njira yachidule ndi kuchotsa chigamba chija, zinthu zibwerere mwakale.

"Iwe, madzi akulowa m'mutu?" anatero Femke. "Dzulo lomweli umatilalikira kuti mpata umenewo ndi umene mbava zikulowera. Seva imeneyo ili ndi mayina ndi maadiresi a aliyense wosambira kumeneko. Chigamba sichichoka."

"Femke, pano pali anthu osavala. Pali munthu wopanda mano."

"Ndiye ganiza msanga."

Wiebe anayang'ana mitu ija pakhomo, ngakhale kuti ankangoona timipira tamitundumitundu. Anadziwa kuti Femke akunena zoona, ndipo zimenezo ndi zimene zinamukwiyitsa. Anapuma mozama. Njira ina inalipo: kuuza seva kuti moni wachikale uja iziulandira kuchokera kwa kabokosi kamodzi kokhako, pawaya wake womwewo, ena onse izikana. Femke anavomera, malinga akampani yogulitsa timakabati aitanidwe tsiku lomwelo kudzasintha kabokosiko.

Anayamba kulemba, zala zili zouma ndi kuzizira. Akamaliza mzere, apongozi ankauwerenga chilembo ndi chilembo.

"Apa waika timizere tiwiri, pamwambapa panali kamodzi."

"N'zofunika kutero, amayi."

"Nanga apa mawu amodzimodzi wawalemba mosiyana. Limodzi lili ndi chilembo chachikulu, linalo ayi. N'zofunikanso?"

Wiebe anayandikitsanso nkhope pasikirini. "Ayi. Pamenepo ndaphonya."

"Konza. Ndipo khala mowongoka."

Anakonza, nadzutsanso pulogalamu ija. Kwa kanthawi sikunamveke kanthu koma kulira kwa makina oziziritsa. Kenako kuchipinda kuja kunamveka chiphokoso ngati galimoto yodzaza mapoto yagubuduzika. Kabokosi kaja kanali katasunga pempho lililonse la m'mawa wonsewo, ndipo moni utangolandiridwa, kanatsegula timakabati tonse nthawi imodzi. Zikwama, nsapato, maambulera, zipewa za panjinga, zonse zimene anthu anakanikizira mkati mokakamiza zinakhuthukira pansi ponyowa. Amayi aja anathamangira komweko akukuwa, wina kukanganirana sokosi ndi mnzake, mkulu wadazi uja akukwawa pakati pa miyendo yawo kusaka kabotolo ka mano ake. Atawapeza n'kuwaika m'kamwa, anatembenukira kwa Wiebe namuuza momveka bwino zonse zimene ankayesa kunena poyamba paja.

Magalasi a Wiebe anapezeka m'nsapato ya munthu wina, ali bwinobwino. Atawavala anadziona pagalasi la pakhoma, n'kulakalaka akanapanda kuwapeza. Foni yake inali yodzaza ndi mauthenga a kulaibulale, kumene makina obwereketsa mabuku anali atasiyanso kupatsana moni ndi seva yawo. Anavala mothamanga, malaya chambuyo, napalasa njinga kupita kumeneko.

Lamulungu, pachakudya chamasana kunyumba kwa Wiebe, mayi Aukje anafotokozera mwana wawo Hiske nkhani yonse. M'kufotokoza kwawoko, iwo ndiwo anatulukira vuto la chanza, iwo ndiwo anaona cholakwa, ndipo Wiebe anathandizako ndi kudina. Hiske anayang'ana mwamuna wake. Wiebe anangowonjezera mbatata m'mbale mwake.

"Koma ntchito yakeyi ndi ntchito ndithu," anamaliza motero mayiwo. "Imafuna munthu wodziwa kuwerenga."

Mbiri inafalikira m'gulu lonse la osambira. Sabata isanathe, mayi wina anaimbira mayi Aukje kuti makina ake osindikizira akukana, wina kuti foni yaiwala zithunzi za adzukulu, wina kuti wailesi yakanema ikuyankhula Chijeremani. Mayi Aukje sankakana munthu. Ankamvetsera modekha, n'kufunsa ngati ayesa kuzimitsa n'kuyatsanso, kenako ankati, "Musadandaule, ndikutumizirani mnyamata wanga Loweruka."