Pomangirira Bwato la a Jailos

Bryson anaima m'madzi ofika m'mawondo, chingwe chili m'manja, osadziwa poti achimangirire. Kuphiri kunali kutada bii, ndipo madzi a mtsinje wa Ruo anali atayamba kale kufiira.

Panali patapita masiku anayi chiikireni bambo ake, a Jailos, m'manda. Kwa zaka makumi atatu iwo anawolotsa anthu pa doko limeneli, kumunsi kwa Muloza: amayi a madengu a chinangwa, a njinga zodzaza matumba, odwala ochokera tsidya la Mozambique. Bryson yekha anakulira kusukulu, kenaka n'kukayamba ntchito yoyendetsa lole ya tiyi ku esiteti. Za bwato sankadziwa kalikonse. Matenda anagwetsa bambo ake mwadzidzidzi, bwato n'kutsala pa chikhomo cha nsungwi chomwe chinkangoyenera nyengo ya chilimwe. Tsopano mvula inali pafupi.

A Pilato, mng'ono wawo wa malemu, anatsika kudoko atanyamula tcheni, loko ndi chitsulo chachitali. Anati chitsulocho achikhome mumchenga, bwato alimange ndi tcheni, ndipo kiyi asunge iwo kufikira abale atakhala pansi n'kugwirizana mwini wake.

"Katundu wamasiye sakhala pamtetete, mwana wanga," anatero.

Bryson anavomera ndi mutu, ngakhale mtima unkamuuza kuti wosunga kiyi ndiye adzatenge bwato. Anali atayamba kukhoma pamene a Dario, mnzawo wa malemu amene ankawolotsa anthu kuchokera tsidya linalo, anakocheza kabwato kawo pambali. Atapepesa maliro, anayang'ana chitsulocho n'kupukusa mutu. Anati madzi akabwera adzachizula ngati chinangwa, ndipo chikapanda kuzuka, tcheni chachifupicho chidzakokera mphuno ya bwato pansi mtsinje ukamakwera.

Bryson anazula chitsulo. Anafunsa ngati sikungakhale bwino kungolikokera kumtunda bwatolo. A Dario anati bwato la mbawa likakhala padzuwa limang'ambika, komanso pangafunike amuna asanu ndi atatu. Apo a Pilato anasintha maganizo, nati alimangirire ku mwala waukulu n'kuuponya pakati pa mtsinje, kumene wakuba sangafike wapansi. A Dario anaseka pang'ono. Pakatipo, anati, ndi pamene pamadutsa zipika za mitengo zochokera kuphiri.

Aliyense akamalankhula, Bryson ankaona ngati ndiye akunena zoona. Anamanga, n'kumasula, n'kumanganso. Anakwera kumtunda kumene kunali mkuyu waukulu, kuti mwina apeze pamene bambo ake ankamanga nthawi ya dzinja. Pa thunthu anapeza mikwasa itatu yodyedwa ndi chingwe, wina m'munsi, wina m'chiuno, wina pamwamba pa mutu wake. Anaitana a Dario kuti amuuze woyenera lero.

A Dario anaisisita mikwasayo nthawi yaitali.

"Iwo ankayang'ana kuphiri, n'kusankha. Ine sindinawafunsepo chimene ankaona."

Bryson anayang'ana kuphiri. Anaona mitambo basi. Maso anamulemera, pozindikira kuti zaka zonsezi naye sanafunsepo bambo ake kanthu ka pamtsinje. Anasankha wapamwambawo popanda chifukwa chimene akanatha kufotokoza. A Dario anamuthandiza kusiya chingwe chachitali chotayirira kuti bwato lizikwera ndi madzi, ndipo kumbuyo anamangako mwala wocheperapo kuti lisamazungulire n'kumadzimenya ku gombe. A Pilato sanafune kubwerera ndi tcheni chawo. Anachipisa pa bowo la kumphuno kwa bwato, n'kuchizunguliza ku muzu wa mkuyu, loko n'kulira khethe.

Atatuwo akutembenuka kuti azipita, anaona mayi ake a Bryson, a Eufemia, akutsika pang'onopang'ono, mpango wakuda uli kumutu. Chiikireni maliro anali asanatuluke pakhomo. M'manja ananyamula nkhafi, imene Bryson anaichotsa m'bwato tsiku limene anafika, poganiza kuti bambo ake anaiiwala chifukwa cha kudwala.

"Alamu, tandibwerekani kiyi," anatero motsitsa.

A Pilato anayamba kufotokoza za akuba ndi za abale amene sanakhale pansi. Mayiwo anangotambasula dzanja, osalibweza, mpaka kiyi inagwera m'chikhatho chawo. Anatsekula loko, n'kupinda tcheni bwinobwino, n'kuwabwezera alamu awo ndi manja awiri.

"Za mwini wake mukakambirana kunyumba. Koma akulu anu sanagonekepo nkhafi m'nyumba. Ankati wodwala sangadikire kuti Jailos apezeke kaye."

A Dario anayang'ana pansi. Anati mkazi wawo yemwe, mimba itamuvuta ali kumsika wa tsidya lino, anawoloka ndi bwato limeneli eni ake ali kumunda.

A Eufemia anapempha Bryson kuti amasule mfundo yake yothinayo. Anamugwira zala n'kumusonyeza ina, yogwira zolimba koma yomasuka munthu akangokoka nsonga kamodzi. Kenaka anakwinya chitenje, nalowa m'madzi mpaka m'akakolo, nagoneka nkhafi m'bwato, chogwirira chake chitaloza kumtunda, kumene wobwera angachifikire msanga.